Nkhunda za pa Zenera la Amayi

4 Malichi

Mphwanga Dokotala,

Landira moni wochokera kwa ine mkulu wako, wometa wodziwika m'tauni muno, amene lumo lake likadutsa pamutu pa nkhalamba, mkazi wake kunyumba amaifunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Kuno tili bwino. Mlamu wako akunenepa, ine ndikukongolerakongolera. Kaya iwe kuthengoko, ndi odwala ako ndi mbalame zako? Amayi adzuka bwanji?

Kalata yawo ndalandira, masamba atatu. Ndinauza makasitomala kuti adikire, ndinakhala pampando wometera ndekha, ndikuti lero ndimve mmene mayi anga andisowera. Tsamba loyamba: mphwako wandionetsa gogomole akugogoda mtengo wa kuseri kwa chipatala. Tsamba lachiwiri: mphwako akuti anamzeze amachokera kutali kwambiri. Tsamba lachitatu: mphwako wandibwereka magalasi ake oonera patali. Ine ndinadzipeza pansi penipeni, pamene pepala linapindika, pomwe analemba kuti ndipereke moni kwa mkazi wanga. Ngakhale moniwo si wanga.

Chimwalirire bambo, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, amayi ali kwa iwe. Sindikukana kuti unaphunzira. Ine sukulu ndinaisiya aphunzitsi atayamba kundiopa. Koma woyamba kubadwa ndine, ndipo pamene iwe unkabwera n'kuti ine nditakhala pamsana pawo zaka zambiri popanda wondipikisa.

Chipinda chawo ndamanga. Pansi ndi posalala moti ntchentche ikatera imaterereka n'kugwa chagada. Zenera lake ndi lalikulu ngati chitseko cha basi. Uwatumize mwezi wamawa. Usandiuze za foni, chifukwa foni ya kwanuko imagwira munthu akakwera padenga. Undiyankhe pa pepala.

Ine mkulu wako.

19 Malichi

Achimwene,

Moni. Tonse tili bwino, amayi nawonso ali ndi mphamvu. Alamu anga muwapatse moni.

Kalata yanu ndinawawerengera pakhonde. Avomera kubwera, ndipo ine sindikuwaletsa. Akhale kumeneko mpaka Sepitembala, tikaone pamenepo. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ndawaikira okwanira, kambulu kamodzi m'mawa uliwonse. M'chifuwa mwawo ndamvetsera dzulo, muli bwinobwino. Amakonda kukhala panja dzuwa likamatuluka, ndiye muziwatulutsira mpando. Magalasi anga akale ndawapatsa atenge.

Za chipinda ndasangalala nazo, koma ndikakhulupirira ndikachiona. Nthawi ija munalemba kuti nyumba yanu ili ndi zipinda zisanu ndi ziwiri, ine nditafika ndinapeza ziwiri ndi katani.

Adzakwera basi ya m'mawa pa 6 Epulo. Mukawachingamire nokha, musatume munthu.

Mphwanu.

28 Epulo

Dokotala wa Mpheta,

Moni kwa iwe ndi kwa namwino wako uja wosaseka. Uli bwanji m'nyumba yopanda mayi? Wayamba kale kulira?

Amayi anafika bwino. Ndinawachingamira nditavala suti ija imene ndikaivala apolisi amandiimikira magalimoto. Chipinda anachiyamikira, bedi analiyamikira, mlamu wako anamuyamikira. Koma m'mawa mwake ndinawapeza pazenera ndi magalasi ako, akuyang'ana khoma la oyandikana nawo ndi mawaya a magetsi. Panali khwangwala mmodzi, nayenso wodwaladwala. Anandiuza kuti nthawi ngati imeneyo iwe umakhala ukulemba m'kabuku kako mbalame zimene mwaona, usanapite kukatsegula chipatala. Tsiku lachiwiri anabwerezanso zomwezo. Tsiku lachitatu anangoika magalasi m'chikwama. Mphwanga, ine ndinawatenga amayi, koma iwe unabwera nawo m'thumba.

Ndiye imva zimene mkulu amachita. Kasitomala wanga wina akusamukira kutali, ndipo anali ndi nkhunda zimene sakanapita nazo. Ndatenga zonse, makumi anayi. Khola ndalikhomera pakhoma, kufupi ndi zenera la amayi, moti akatambasula mkono amaligwira. Masiku oyamba zinkathawira kwawo kwakale, koma zitapeza khola lakumeneko ataliphwasula zinabwerera kwa ine ngati ana olapa. Ziwiri zazolowera mpaka zimalowa m'chipinda n'kukhala pa ndodo ya katani. Amayi amazidyetsa m'manja. Azipatsa maina zonse, ndipo yonenepa yaulesi ija aitcha Bwanamkubwa.

Iwe umadzuka mame ali mbuu, kukaima m'matope ngati kakowa, khosi m'mwamba, kuti uone mchira wa kambalame kothawa. Zanga zimabwera ndikaimba likhweru. Zikanyamuka zonse pamodzi dzuwa limabisika, nkhuku za m'dera lino zimalowa m'makola kuganiza kuti kwada. Magalasi ako ndawaika pamwamba pa kabati. Kuno mbalame sitizionera patali.

Ine mkulu wako, mwini mbalame.

22 Meyi

Achimwene,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha. Kuno kunabuka matenda otsekula m'mimba pakati pa ana, ndipo milungu itatu sindinavule nsapato bwinobwino. Tsopano zachepa.

Nkhani ya nkhunda ndaseka nayo. Makalata anu ndimawawerenga ndi lamulo limene ndinaliphunzira tili ana: nambala iliyonse ndimaigawa ndi khumi. Pamenepa ndatsala ndi nkhunda zinayi. Koma poona kuti m'kalata yomweyo dzuwa labisika ndipo apolisi akukuimikirani magalimoto, ndachotsanso zinayizo. Ndikuganiza kuti ndi za oyandikana nawo, zimangodutsa padenga panu. Palibe vuto, bola amayi akusangalala.

Koma sanandilembere chichokereni. Muwauze kuti akakowa aja ankawafunsa abwerera kudambo, ndawerenga khumi ndi asanu ndi awiri, nambala yosafunika kugawa. Mpando wawo uli pomwe anausiya. Mankhwala akumwa?

Mphwanu.

11 Juni

Dokotala,

Moni. Poti wanditcha wabodza, za mbalame sindikuuzanso mpaka kalekale. Khala ndi akakowa ako.

Amayi mankhwala akumwa. Kukulembera sakukulembera chifukwa sakupeza bwino pang'ono, koma usathamange mtima. Anayamba kutsokomola kumapeto kwa Meyi, chifuwa chouma chopanda makhololo. Akayenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde amaima kaye kugwira khoma. Madiresi awo ayamba kuwakulira.

Ndinawatengera kuchipatala chachikulu, kumene madokotala amayenda asanuasanu ndipo aliyense magalasi ake a m'maso ndi okhuthala kuposa ako. Anawajambula m'chifuwa, anawayeza magazi. Akuti si chifuwa chachikulu. Wina anati mwina mphumu, wina anati ukalamba. Anawagoneka masiku anayi ndipo anachira ndithu, mpaka anayamba kulangiza anamwino kayalidwe ka bedi. Tinabwera nawo kunyumba ndi kopopera m'kamwa. Patatha masiku awiri chifuwa chija chinayambiranso.

Ndikudziwa zimene ukuganiza, ukuti kwa ine sankadwala. Usabwere kudzawatenga. Tinapangana Sepitembala, ndipo mwezi uno ndi Juni. Ine ndikuwasamala moti mfumukazi itaona ingasirire. Ngati uli ndi nzeru ina ya m'mabuku akowo, ilembe, ndiiona ngati ndi yothandiza.

Mkulu wako.

20 Juni

Achimwene,

Moni. Kalata yanu yandisowetsa mtendere. Munthu amene akuchira kuchipatala n'kudwalanso akabwera kunyumba, ndiye kuti chikumudwalitsa chili panyumbapo. Ndiyankheni izi popanda zokometsera. Kodi makoma a chipinda chatsopanocho anauma, kapena pali nkhungu? Munapaka penti liti? Utsi wa kukhitchini umawafika?

Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi shopu yanu. Ili kutsogolo kwa nyumba, ndipo amayi ndikuwadziwa, sangaone anthu akucheza iwo osakakhala pomwepo. Tizidutswa ta tsitsi, paudala, ndi mankhwala opopera m'mutu aja, zonsezo si zabwino kwa mapapo a munthu wamkulu. Asalowemonso. Azikhala m'chipinda mwawo, zenera lili lotsekula kuti mpweya uzilowa. Tiyese zimenezi milungu iwiri. Zikapanda kusintha ndibwera, mundilole kapena musandilole.

Mphwanu.

9 Julaye

Alamu,

Moni. Ndine mkazi wa achimwene anu. Kalata iyi ndalemba iwo osadziwa, ndiye poyankha musanditchule.

Zimene munalamula tinachita. Achimwene anu anakwiya kuti mwanyoza lumo lawo, tsiku limenelo anameta munthu mbali imodzi yokha n'kumuuza kuti ndi sitayilo yatsopano. Komabe anamvera. Amayi sakutulukanso m'chipinda, ndipo zenera ndi lotsekula tsiku lonse. Makoma ndi ouma, penti sitinapake, utsi suwafika. Koma akuipiraipira. Dzulo analephera kumaliza kupesa tsitsi lawo, mpweya unawathera.

Achimwene anu musawaone kulemba zoseketsa. Shopu akutsegula mochedwa. M'mawa uliwonse amakhala pamphepete pa bedi la amayi n'kumawasimbira mabodza awo aja, za kasitomala amene ndevu zake anazimeta masiku atatu, ndipo amayi amaseka mpaka kutsokomola. Akatuluka m'menemo amakaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Makalata anu amawawerenga kawirikawiri, kenaka n'kumandifunsa ngati amayi anakutchulani tsiku limenelo.

Ine ndili ndi pempho limodzi laling'ono. Muwauze achepetse nkhunda. Ndikanena ine akuti ndili kumbali yanu. Zinabwera makumi anayi, zaswana, pano zapitirira makumi asanu. Chipinda cha amayi ndimachisesa kawiri pa tsiku, koma pazenera, papilo ndi pamwamba pa kabati pamakhala kafumbi koyera ngati ufa, ndi timanthenga. Zinayi zimagona pa ndodo ya katani. Ine si dokotala, mwina zilibe kanthu. Ndangotopa nako kusesa.

Mlamu wanu.

14 Julaye

Achimwene,

Kalata iyi ndapatsira dalaivala wa basi kuti ifike lero. Mukangoiwerenga, atulutseni amayi m'chipindacho. Akagone kwa mchemwali wa alamu anga kapena kwina kulikonse kopanda nkhunda. Asatenge pilo, bulangeti kapena katani ya m'menemo.

Ndamva kuti nkhunda zija zilikodi. Nthenga za nkhunda zimatulutsa kafumbi, ndipo zitosi zake zikauma zimasandukanso fumbi. Anthu ambiri sikawachita kanthu, koma ena mapapo awo amakakana, amatupa, ndipo munthu akapitiriza kukapuma amaonongeka osachiranso. Amayi ndi mmodzi wa anthu amenewo. N'chifukwa chake anachira kuchipatala.

Shopu yanu inalibe mlandu. Ine ndinawachotsa kumalo kumene ankapumako bwino, n'kuwatsekera ndi mbalamezo, n'kulamulanso kuti mutsekule zenera loyang'ana kukhola. Matendawa ndimawadziwa, ndinawaphunzira, ndipo mbalame ndimazidziwa kuposa dokotala aliyense amene munamuona kumeneko. Munandiuza zoona mu Epulo ndi dzanja lanu, ine ndinazigawa ndi khumi. Kulakwa kumeneko ndi kwanga.

Ndifika Loweruka ndi mankhwala. Nkhundazo zichoke zonse.

Mphwanu.

24 Ogasiti

Dokotala,

Moni. Amayi afika bwanji? Basi sinawagwedeze kwambiri? Ndinawaika pampando wakutsogolo, dalaivala ndinamuuza kuti akawagwetsera m'dzenje ngakhale limodzi asadzabwerenso kudzameta kwa ine.

Unachoka Lolemba lija utawasiya kwa mchemwali wa mlamu wako, ndipo unati akhoza kubwerera kwanga chipinda chikayera ndipo mbalame zikachoka. Zotsatira zake sunazione, ndiye ndikusimbire, useke bwino.

Chipinda tinachitsuka kasanu. Katani tinaotcha, matiresi tinataya, khola ndinaliphwasula ndekha ndi hamala. Nkhunda ndinati tizizinge zonse tigawire anthu, koma amayi atamva analira, akuti sangalole kuti Bwanamkubwa ndi anzake afe chifukwa cha chifuwa chawo. Anandilumbiritsa. Ndiye ndinazipereka kwa munthu wina wa kutsidya kwa tauni. Anazitsekera milungu iwiri. Tsiku limene anatsekula khola, zinandipeza ndikumeta. Ndinazitengeranso kwa wina wa kutali kwambiri, basi ziwiri, ndili ndi madengu pamiyendo. Ine pobwerera ndinachedwa pa siteji, ndipo nditafika ndinazipeza zafika kale, zili ndondondo padenga, zikundiyang'ana ngati ndachedwa kumsonkhano. Apa sindikukokomeza, ufunse mlamu wako, amene tsopano ndikudziwa kuti ndi mtolankhani wako.

Ndinakhoma waya pazenera. Ndinaponya miyala mpaka phewa linatupa. Zimauluka, n'kuzungulira kamodzi, n'kuteranso pamwamba penipeni pa chipinda cha amayi. Kumeneko n'kumene zinkadya m'manja, ndiye zikudikira.

Amayi anali atayamba kupeza bwino, akuyenda mpaka pamsewu osaima. Lachitatu lapitali ndinati ndiwaonetse chipinda chawo mmene chayerera. Titangolowa pageti, zonse zinatsika padenga kuwathamangira. Ina inatera paphewa pawo. Iwo anayamba kuziitana maina, ine ndikuzikupiza ndi jekete ngati wamisala, nthenga zili mbwee m'mwamba. Ndinawakokera kunja kwa geti. Tinaima pamsewu, ndipo anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Ndinati, "Amayi, mukwera basi ya Lachisanu."

Sanatsutse. Chimenecho ndiye chinandipweteka kuposa zonse.

Ndiye wapambana, mphwanga. Unawalakwira ndi cholembera, ine ndinawalakwira ndi hamala ndi misomali, koma amene wabwerera nawo ndiwe. Tulutsa mipando iwiri pakhonde, muziwerenga akakowa anu. Ine ndatsala ndi chipinda chosalala ndi alendo makumi asanu padenga amene sandifuna ine, akufuna amayi. Ngakhale mbalame zanga zomwe si zanga.

Undilembere za kupuma kwawo. Zina usalembe.

Mkulu wako.

12 Sepitembala

Mwana wanga woyamba,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi namwino wa pano, chifukwa dzanja langa likunjenjemera ndi mankhwala a mphwako. Ndamuuza alembe zonse mmene ndikunenera. Uli bwanji? Mkazi wako ali bwanji? Ukudya?

Ine ndikupuma bwino. Ndikufika pachitsime n'kubwerako osagwira mtengo. Mphwako akuti mapapo sadzabwerera mwakale kwenikweni, koma andikwanira. Akutinso kwanuko ndisadzagonenso pokhapokha nkhunda zitatha, ndipo ine sindikufuna kuti zithe. Ndiye ndikhala kuno. Ndanena ndekha, sanandiumirize.

Kalata yako yomaliza sanandiwerengere, koma ndinaiona nkhope yake poiwerenga. Ndikudziwa zimene unalemba, ndinakubala ine. Ndiye imva zimene sukuzidziwa.

Mphwako amandimvetsera m'chifuwa m'mawa uliwonse. Pumirani mkati, tulutsani, pumiraninso. Tikatero timakhala pakhonde, iye n'kumalemba m'kabuku kake, osayankhula kuopa kuthawitsa mbalame. Ndi mwana wabwino. Koma sabata yatha ndinamuona akuzungulirazungulira, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kundisimbira nthabwala. Anaiyambira kumapeto, anabwerera pakati, anaiwala amene anagwa m'madzi. Ine ndinaseka pomumvera chisoni, ndipo anazindikira. Anatseka kabuku kaja n'kunena kuti, "Kwa achimwene munkaseka mpaka mpweya kutha. Kwa ine mumangopuma."

Ndinamufunsa kuti wamva kwa yani. Akuti aliyense wa kwanuko anamuuza, ngakhale makasitomala ako. Akuti chiyambire ali mwana, iye akabwera ndi mapepala a sukulu ndinkamusisita pamutu n'kubwerera kukamvera nkhani zako. Ine sindikumbukira, koma mwina ndi zoona.

Ndatopa nanu nonse awiri. Wina ndevu zayamba imvi, wina amachiza mudzi wonse, koma mukundikokerana ngati chitenje chimodzi. Bwera udzandione. Mphwako akuti ukamabwera usambe, uvale zovala zimene sizinayanikidwe pabwalo la nkhunda, ndipo nsapato udzazisiye panja. Bwanamkubwa uzimupatsa chakudya payekha, anzake amamulanda.

Mayi ako.

21 Sepitembala

Mphwanga wokondedwa, katswiri wa nthabwala,

Moni. Ndamva kuti wayamba ntchito yanga. Ndani anagwa m'madzi? Tauni yonse ikufuna kudziwa.

Kalata ya amayi ndaiwerenga m'shopu mokweza katatu, ndipo kachitatu ndinaima pampando. Zaka zonsezi ine ndimawonda ndi nsanje, osadziwa kuti dokotala wathunthu, wa chingwe cha m'makutu, akuwonda ndi nsanje ya wometa. Ukanandiuza kale bwenzi nditanenepa ngati mlamu wako.

Za kumene amayi azikhala sindikutsutsanso. Akhale kumene akupuma. Chipinda chija mlamu wako waikamo makina ake osokera, ndipo ndikamva akulira m'menemo mtima umachita bwinoko pang'ono.

Koma usaganize kuti wathana nane. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse shopu ndizitseka masana, ndizikwera basi, ndizibwerera Lolemba. Ndisamba kawiri. Zovala ndagula zatsopano, zili m'pulasitiki, sizinaonepo nkhunda ngakhale pachithunzi. Nsapato ndizisiya pamsewu ngati ukufuna. Kabuku kako ubwere nako, koma ndikuchenjeze kuti masiku amenewo sulembamo kanthu, chifukwa ine ndikayamba kuyankhula mbalame zimasamuka m'boma lonse.

Pakhonde uikepo mipando itatu, amayi pakati. Wa kumanja kwawo ndi wanga. Iwe ukhale kumanzere, kumene khutu lawo silimva bwino.

Ine mkulu wako.